Kalembera wa Milalang'amba Yobisika m'Fumbi

Pa kuwala konse kumene nyenyezi zatulutsa chiyambire chilengedwe, pafupifupi theka silinatulukire poyera. Linamezedwa ndi fumbi limene limazinga malo obadwira nyenyezi, ndipo fumbilo litafunda linatulutsanso mphamvuyo ngati kuwala kwa mtundu wina, kwa mafunde ataliatali, kumene diso la munthu silingakuone. Milalang'amba yodzaza fumbi loteroli ndiyo imabala nyenyezi mofulumira kuposa ina yonse, koma pa zithunzi za matelesikopu a magalasi imaoneka mwachizimezime, ina osaoneka n'komwe. Yambiri ili kutali moti kuwala kwake kwakhala pa ulendo zaka zoposa 10 biliyoni. Ntchito yoisaka ndi kuiwerenga inayamba kupindula mu 1997, ndipo imagwiridwa ndi zida zomva mafunde otalika pafupifupi milimita imodzi.

Mlalang'amba ndi khamu la nyenyezi, mpweya ndi fumbi zimene zimagwirana chifukwa cha mphamvu yokoka. Dzuwa lili mu wotchedwa Milky Way, womwe uli ndi nyenyezi zoposa 100 biliyoni. Pa chaka, mlalang'amba wa Dzuwawu umabala nyenyezi zochepa, zimene kulemera kwake konse pamodzi kumangofanana ndi kwa dzuwa limodzi kapena awiri. Yafumbi yakutali ija imabala zolemera ngati madzuwa mazanamazana pa chaka, ina kupitirira 1,000.

Fumbi la pakati pa nyenyezi

Fumbi la kuthambo limaoneka ndi maso kuno ku Kandeu, m'dziko la Malawi. Dera lino lili pakati pa madigiri 14 ndi 15 kummwera kwa ikweta, ndipo madzulo a Juni, Julaye ndi Ogasiti, mwezi ukakhala kuti palibe, chigawo chapakati cha Milky Way chimadutsa pafupifupi pamutu penipeni, mwayi umene anthu a ku Ulaya alibe. Munthu akaima kutali ndi magetsi a pamsika, maso n'kuzolowera mdima, amaona mzere waukulu woyererako wopingasa thambo. Mzerewo si wosalala ayi. Uli ndi ming'alu yakuda imene pena imaugawa pawiri, ndipo cha kummwera, pambali pa nyenyezi zinayi zooneka ngati mtanda, pali chigamba chakuda bii chimene akatswiri amachitcha Coalsack. Malo akudawo ndi mitambo ya fumbi yotchinga nyenyezi za kuseri kwake. Kwa nthawi yaitali akatswiri ankatsutsana ngati ali mabowo opanda kanthu kapena zotchinga, ndipo mu 1930 Robert Trumpler anasonyeza kuti fumbi lili paliponse pakati pa nyenyezi ndipo limazimiriritsa kuwala kwa zakutali.

Tinjere ta fumbili n'tating'ono kwambiri kuposa ta fumbi la mumsewu. Tambiri sitifika ngakhale maikuromita imodzi, ndiko kuti gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Tina ndi ta kaboni, tofanana ndi mwaye, tina ndi ta mwala wa mtundu wa mchenga, ndipo m'malo ozizira kwambiri timakutidwa ndi madzi oundana. Poyerekeza ndi mpweya wa pakati pa nyenyezi, fumbi limalemera gawo limodzi lokha mwa magawo 100. N'lochepa, koma mtunda ukatalika limatseka kotheratu. Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi ndipo kumatenga zaka pafupifupi 26,000 kuchokera pakatikati pa Milky Way kudzafika kuno. Pa kuwala kooneka ndi maso kumene kunanyamuka, kofika ndi kagawo kamodzi mwa magawo pafupifupi thililiyoni imodzi.

Fumbi limasankha chomeza. Kuwala kwa mafunde aafupi, monga kwabuluu, limakumeza ndi kukumwaza mosavuta, pamene kofiira kumapyola bwinoko. N'chifukwa chake mu Sepitembala ndi Okutobala, tchire likamapsa ndipo mlengalenga wadzaza utsi ndi fumbi, dzuwa limafiira psuu likamalowa cha ku Mozambique. Tsono nyenyezi zobadwa kumene, makamaka zikuluzikulu, zimawala kwambiri pa mafunde aafupi omwewo, ndiponso zimabadwira mkati mwenimweni mwa mitambo yothithikana ya mpweya ndi fumbi. Kuwala kwake kumathera momwemo.

Komabe mphamvu sitayika. Uvuni wa njerwa ukamatidwa bwino ndi matope, malawi saoneka kunja, koma woima pafupi amamva kutentha kwa makoma ake ndipo woudziwa bwino angathe kunena kukula kwa moto uli mkati. Mlalang'amba wafumbi uli chimodzimodzi, kungoti kufunda kwake n'kochepa zedi. Fumbilo limafika madigiri 30 kapena 40 okha pamwamba pa malire a kuzizira konse, kutanthauza madigiri pafupifupi 240 kunsi kwa ziro pa sikelo ya Celsius. Chinthu chozizira motero chimawala kwambiri pa mafunde a maikuromita pafupifupi 100. Woyeza kuwala kumeneko amadziwa kuchuluka kwa nyenyezi zimene zikubadwa mkatimo, asanaoneko ndi imodzi yomwe.

Chifukwa chake amasankha milimita

Kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo mitundu yake imasiyana malinga ndi kutalika kwa funde limodzi. Kooneka ndi maso kuli pakati pa maikuromita 0.4 ndi 0.7. Mafunde a wailesi ya FM ndi otalika pafupifupi mamita 3. Pakati pa ziwirizi pali infrared, kuwala kumene William Herschel anatulukira mu 1800 ataika chida choyezera kutentha kupitirira malire a kuwala kofiira, ndiyeno pamabwera mafunde a milimita ndi ena ocheperako pang'ono, monga a maikuromita 850.

Ngati fumbi limawala kwambiri pa maikuromita 100, nanga akatswiri amasakiranji pa 850, pa 1,100 kapena pa 2,000? Chifukwa chachikulu chagona pa kufutukuka kwa chilengedwe, kumene kwakhala kukuchitika kwa zaka 13.8 biliyoni. Kuwala kukamayenda, mafunde ake amatanuka nako kufutukukako, ndipo kutanukaku amakuyeza ndi nambala yotchedwa redshift. Pa redshift 1, funde limafika litatalika kawiri; pa 2, katatu; pa 5, kasanu ndi kamodzi. Kamera yomva maikuromita 850 ikaloza mlalang'amba wapafupi, imalandira kuwala kumene kunanyamukanso kuli cha pa 850 pomwepo, pamene fumbi limawala mofooka. Ikaloza wa redshift 2, imalandira kumene kunanyamuka kuli cha pa 280, ndipo pamenepo fumbi n'lowala kwambiri. Pa redshift 5 ndi cha pa 140, pa 7.5 ndi pa 100, pachimake penipeni.

Apa ndiye pali mwayi wa ntchito yonseyi. Mtunda umazimiriritsa chowala chilichonse, koma pa mafunde awa chimene mtunda walanda kutanuka kumabweza, moti milalang'amba iwiri yamphamvu zofanana imaoneka yowala pafupifupi mofanana, wina ali pa redshift 1, wina pa 7. Pa kuwala kooneka ndi maso zoterezi sizichitika. Choncho chithunzi chimodzi cha milimita chimasonkhanitsa milalang'amba ya nthawi zotalikirana kwambiri, kuyambira pamene chilengedwe chinali chisanakwanitse zaka biliyoni imodzi mpaka pamene chinali pafupifupi pa theka la zaka zake za lero. Mwayi womwewo uli ndi msampha wake: kuwala kwa kadontho pa chithunzi sikuuza munthu kuti kali kutali bwanji. Mtunda uyenera kuyezedwa padera, ndipo zaka zambiri za akatswiri zathera pamenepo.

Nthunzi ndi malo omangapo

Mdani wamkulu wa ntchitoyi ndi nthunzi ya madzi ya mumlengalenga. Mafunde a maikuromita 100 imawameza onse, moti amenewo amaonedwa ndi zida zoponyedwa kunja kwa dziko kapena zoulutsidwa m'mwamba kwambiri. Cha pa milimita pali mipata ingapo imene mafunde amapyola, pa 3, pa 2, pa 1.3 ndi pa 0.85, koma naponso mlengalenga uyenera kukhala wouma gwa. Amene ali ndi mbale ya kanema wa setilaiti amadziwa kuti chithunzi chimadukaduka mvula yamphamvu ikamagwa. Amenewo ndi mafunde a masentimita awiri kapena atatu. A milimita amavutika ndi chinyezi chimene khungu la munthu silingachimve n'komwe. Choipa china n'chakuti mlengalenga umawala wokha pa mafunde omwewo, kuwala koposa kwa mlalang'amba maulendo zikwizikwi, ndipo kumasinthasintha ndi mphepo. Telesikopu imayenda uku ndi uku mosalekeza, kompyuta n'kumachotsa chimene zomvera zonse zaona nthawi imodzi, poti chimenecho n'cha mlengalenga, kuti chitsale cha kutali.

N'chifukwa chake matelesikopu otere amamangidwa kumalo ovuta kukhalako. James Clerk Maxwell Telescope, mwachidule JCMT, ya mbale yotambalala mamita 15, ili pa phiri la Mauna Kea ku Hawaii, mamita pafupifupi 4,100 kuchokera pamene nyanja yamchere yalekezera. Large Millimeter Telescope ya mamita 50 ili pa Sierra Negra ku Mexico, mamita pafupifupi 4,600. ALMA ili pamalo athyathyathya a pamwamba pa mapiri otchedwa Chajnantor, m'chipululu cha Atacama ku Chile, mamita 5,000, kumene ogwira ntchito amayenda ndi mpweya wa okosijeni wowathandiza kupuma. South Pole Telescope ya mamita 10 ili pakati pa Antarctica, kumene kuzizira sikusiya nthunzi mumlengalenga. Ku Chajnantor, usiku wabwino, nthunzi yonse ya pamwamba pa telesikopu itasanduka madzi singafike milimita imodzi kuya kwake, pamene m'mayiko otentha a mvula ngati Malawi imafika masentimita angapo m'dzinja. Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje yaitali kuposa zonse m'dziko muno, ndi mamita 3,002, koma phirilo n'lodziwika ndi mitambo ndi chiperoni. Usiku wa Julaye wa ku Kandeu n'ngwabwino kwa maso ndi kwa telesikopu ya magalasi. Kwa kamera ya maikuromita 850 n'ngwachinyezi ndithu.

Chomvera cha m'makamera amenewa chimatchedwa bolometer. Ndi kachidutswa kakang'ono kamene kamafunda pang'ono kuwala kukakagwera, ndipo kufundako kumasintha mmene magetsi akudutsira. Kuti kamve mphamvu yochepa chotero, kamaziziritsidwa mpaka kutsala kagawo chabe ka digiri imodzi kuti kafike pa malire a kuzizira konse, ndiko kuti kamakhala kozizira kuposa malo opanda kanthu a pakati pa milalang'amba.

Mmene inapezekera

Zizindikiro zoyamba zinachokera ku masetilaiti. IRAS, yoponyedwa mu 1983, inapeza milalang'amba yapafupi imene pafupifupi mphamvu yake yonse imatuluka ngati infrared. Wodziwika kwambiri ndi Arp 220, milalang'amba iwiri imene inawombana n'kuyamba kuphatikizana, pa mtunda umene kuwala kumayenda zaka pafupifupi 250 miliyoni. Mu 1996 gulu la Jean-Loup Puget, posanthula zimene setilaiti ya COBE inayeza, linapeza kuwala kwa infrared kochokera mbali zonse za thambo, kwa mphamvu yolingana ndi kuwala konse kooneka kwa milalang'amba. Nkhani ya theka ija imachokera pamenepa. Chinatsala n'kupeza eni ake a kuwalako.

Kamera ya SCUBA, yopangidwa ku Edinburgh, inayamba ntchito pa JCMT mu 1997 ili ndi zomvera 37 za maikuromita 850 ndi 91 za 450. Chaka chomwecho Ian Smail, Rob Ivison ndi Andrew Blain anailoza ku magulu awiri akuluakulu a milalang'amba ndipo anapeza timadontho towerengeka, komabe tochuluka kwambiri kuposa mmene tikanakhalira ngati milalang'amba yakale ikanakhala yofanana ndi ya lero. Mu 1998 gulu la David Hughes linaloza SCUBA ku kadera kakang'ono kotchedwa Hubble Deep Field, kumene telesikopu ya Hubble inajambula milalang'amba pafupifupi 3,000 mu Disembala 1995. Patatha maola pafupifupi 50, SCUBA inaona timadontho tisanu. N'chiwerengero chonyozeka pomva, koma mphamvu ya tisanuto inasonyeza kuti kubadwa kwa nyenyezi kobisika kungapose kumene Hubble inawerenga pa nyengo yomweyo ya mbiri ya chilengedwe.

Makamera ena anatsatira: MAMBO pa telesikopu ya mamita 30 ya bungwe la IRAM ku Spain, AzTEC ya milimita 1.1, LABOCA ku Chile, ndi SCUBA-2 ya zomvera pafupifupi 10,000, imene pa kalembera wofalitsidwa mu 2017 inapeza timadontho pafupifupi 3,000 m'dera la thambo lokwana miyezi yathunthu pafupifupi 25 itandanda. Setilaiti ya Herschel, imene inagwira ntchito kuyambira 2009 mpaka 2013 pa mafunde aafupiko, inapeza mazana a zikwi. Kalembera aliyense amasankha pakati pa kuzama ndi kutambalala. Kuyang'anitsitsa kadera kamodzi maola ambiri kumapeza milalang'amba yofooka, yomwe ndi yochuluka ndipo ndiyo imabala nyenyezi zambiri ikaphatikizidwa. Kusesa dera lalikulu mofulumira kumapeza yowala kwambiri, yomwe ndi yosowa.

Kuloza mwini wake wa kadontho

Kupeza kadontho ndi chiyambi chabe. Kuthwa kwa maso a telesikopu kumadalira kukula kwa mbale poyerekeza ndi kutalika kwa funde, ndipo funde la milimita n'lalitali kuposa la kuwala kooneka maulendo oposa 1,000. Pa maikuromita 850, JCMT imaona chinthu chilichonse chaching'ono ngati kadontho kotambalala gawo limodzi mwa magawo pafupifupi 120 a mwezi wathunthu. M'kadontho kameneko, chithunzi chozama cha Hubble chimaonetsa milalang'amba ingapo, ndipo wowala kwambiri pa chithunzicho kawirikawiri si mwini wake wa fumbilo. Kuyang'ana nthawi yotalikirapo sikuthandiza mpaka kalekale, chifukwa pamafika pamene timadontho tofooka timachulukana n'kuphatikizana, osasiyanitsikanso.

Njira yoyamba yotulukira pa vutoli inali mafunde a wailesi. Nyenyezi zikuluzikulu zimafa msanga pophulika, ndipo zotsalira za kuphulikako zimatulutsa mafunde a wailesi amene fumbi siliwatchinga, motero mlalang'amba wobala nyenyezi zambiri umamvekanso pa wailesi. Mbale za Very Large Array ku New Mexico zinkaloza malo enieni, ndiyeno matelesikopu a Keck ku Hawaii ankayeza redshift. Mu 2005 gulu la Scott Chapman linafalitsa mitunda ya milalang'amba 73, ndipo wapakati pa mndandandawo anali pa redshift 2.2, kuwala kwa zaka zoposa 10 biliyoni. Njirayi inali yokondera. Mafunde a wailesi amafooka ndi mtunda, choncho yakutali kwambiri inkatsalira.

Kadontho kowala kwambiri mwa tisanu ta 1998 tija, kotchedwa HDF850.1, kanavutitsa akatswiri zaka 14. Mu 2012 gulu la Fabian Walter, pogwiritsa ntchito mbale za IRAM za pa Plateau de Bure ku France, linayeza redshift yake osadalira kuwala kooneka. Mpweya wa carbon monoxide, womwe umapezeka m'mitambo yozizira yobadwiramo nyenyezi, umawala pa mafunde odziwika bwino: milimita 2.6, 1.3, 0.87 ndi ena otsatana nawo mwadongosolo. Mafunde awiri otere akapezeka atatanuka, mpata wa pakati pawo umaulula redshift popanda chikaiko. Ya HDF850.1 inapezeka kuti ndi 5.18, nthawi imene chilengedwe chinali ndi zaka pafupifupi 1.1 biliyoni. Kuwala kwa nyenyezi zake kunadzaoneka ndi telesikopu ya James Webb, yoponyedwa mu Disembala 2021.

ALMA, yotsegulidwa mu Malichi 2013, inasintha zinthu kotheratu. Ili ndi mbale 66, za mamita 12 zokwana 54 ndi za mamita 7 zokwana 12, ndipo zikuluzikuluzo zimanyamulidwa pa magalimoto apadera n'kutalikiranitsidwa mpaka makilomita 16. Zimene zamva zimaphatikizidwa mu kompyuta moti zonse zimaona mwakuthwa ngati mbale imodzi yaikulu ngati mtunda wa pakati pawo. Pa kafukufuku wofalitsidwa mu 2013, ALMA inaloza malo enieni a timadontho toposa 100 ta LABOCA, kadontho kalikonse mphindi ziwiri zokha, ndipo zinaoneka kuti osachepera gawo limodzi mwa magawo atatu sanali mlalang'amba umodzi koma iwiri kapena itatu yosakanikirana pa chithunzi chakale. Ziwerengero zina zokokomeza za kubadwa kwa nyenyezi zinatsika nthawi yomweyo. Komabe ALMA imaona kadera kakang'ono kwambiri nthawi imodzi, motero ntchito inagawika mwachibadwa: mbale imodzi ya kamera yaikulu imasaka, ALMA ndi mnzake NOEMA wa ku France n'kumapenda chopezekacho.

Thandizo lina linachokera ku mphamvu yokoka. Mlalang'amba wolemera ukakhala ndendende pakati pa dziko lino ndi wina wakutali, umapinda kuwala kwa wakumbuyoyo n'kukuwalitsa maulendo asanu, khumi kapena kuposerapo, ndipo pena umakusandutsa mphete. South Pole Telescope inamangidwira ntchito ina, yoyeza kuwala kotsalira kwa chiyambi cha chilengedwe, koma posesa gawo la thambo lokwana pafupifupi 6 pa 100 alionse pa milimita 1.4, 2 ndi 3 inapeza timadontho towala modabwitsa. Joaquin Vieira ndi anzake anasonyeza mu 2013 kuti tambiri ndi milalang'amba yafumbi yowalitsidwa motere. Pa mndandanda wa 81 wofalitsidwa mu 2020, wapakati anali pa redshift 3.9, kutali kuposa ya Chapman ija, zimene zikugwirizana ndi mfundo yakuti mafunde otalikirapo amasankha yakutali kwambiri. Mphete yodziwika kuposa zonse ndi ya SDP.81, yopezeka ndi Herschel ndi kujambulidwa ndi ALMA kumapeto kwa 2014.

Zimene kalemberayu waphunzitsa

Kubadwa kwa nyenyezi m'chilengedwe kunafika pachimake zaka pafupifupi 10 biliyoni zapitazo, ndipo pa nyengo imeneyo kochuluka kunali kobisika m'fumbi. Milalang'amba yowala kwambiri ili ndi mpweya wolemera ngati madzuwa mabiliyoni makumimakumi, koma pa liwiro limene imaudyera ungathe m'zaka mamiliyoni mazana ochepa, nthawi yaifupi poyerekeza ndi zaka za chilengedwe. Akatswiri ambiri amaiona ngati makolo a milalang'amba ikuluikulu yobulungira ya lero, yodzaza nyenyezi zokalamba ndipo yosabalanso. Umboni wina ndi SPT2349-56, kadontho kamene ALMA inapeza mu 2018 kuti ndi milalang'amba yosachepera 14 yothinana pamalo amodzi pa redshift 4.3, gulu lalikulu lili mkati mopangika.

Chimene chimayatsa kubala kofulumira choteroko chikadali pa mtsutso. Ena amati ndi kuwombana kwa milalang'amba, monga ku Arp 220. Ena amati ndi mpweya wozizira wotsanukira mosalekeza mu mlalang'amba wozungulira mwabata. Zithunzi za ALMA ndi James Webb zaonetsa mitundu yonse iwiri, ndipo n'kutheka kuti funsoli linafunsidwa molakwika poyembekezera yankho limodzi.

Fumbi lenilenilo nalonso n'lovuta kulifotokoza. Milalang'amba yotchedwa SPT0311-58 ili pa redshift 6.9, pamene chilengedwe chinali ndi zaka pafupifupi 780 miliyoni, koma ili kale ndi fumbi lochuluka. Nyenyezi zokalamba zimene zimapumira fumbi kunja pang'onopang'ono zimafuna nthawi yaitali kuti zichulukitse fumbi lotere, motero maso a akatswiri anatembenukira ku nyenyezi zophulika. Chitsanzo chapafupi chili mu Large Magellanic Cloud, mlalang'amba umene umaoneka ngati kamtambo koyererako kummwera kwa Kandeu usiku wopanda mitambo wa Novembala mpaka Febuluwale. Mu Febuluwale 1987 munaphulika nyenyezi imene inaoneka ndi maso, ndipo patatha zaka zoposa 20 Herschel ndi ALMA zinapeza m'zotsalira zake fumbi lozizira lolemera pafupifupi theka la Dzuwa. Kuchuluka kwa fumbi limene limapulumuka mafunde a kuphulikako, ndi limene limakulira m'mitambo pambuyo pake, ndi nkhani imene ikufufuzidwabe.

Gawo la Africa

Telesikopu ya milimita ya Africa ikukonzedwa ku Namibia, dziko la mlengalenga wouma, m'dera la phiri la Gamsberg, lalitali mamita 2,347. Dzina lake ndi Africa Millimetre Telescope, ndipo akutsogolera ntchitoyi ndi University of Namibia ndi Radboud University ya ku Netherlands. Cholinga chake choyamba n'kulowa m'gulu la Event Horizon Telescope, limene mu Epulo 2019 linafalitsa chithunzi choyamba cha black hole (chinthu cha mphamvu yokoka yaikulu moti ngakhale kuwala sikutulukamo), osati kalembera wa milalang'amba yafumbi. Kumbali ya wailesi, Africa ili kale patsogolo. MeerKAT, ya mbale 64 m'chipululu cha Karoo ku South Africa, inatsegulidwa mu 2018, ndipo kafukufuku wake wotchedwa MIGHTEE amayang'ana madera a thambo omwe makamera a milimita anajambulanso, kuyeza kubadwa kwa nyenyezi pa mafunde amene fumbi silitchinga. MeerKAT idzalowa mu Square Kilometre Array, imene ntchito yomanga inayamba mu Disembala 2022. Mayiko asanu ndi atatu a mu Africa amene akuthandizana ndi South Africa pa ntchitoyi ndi Botswana, Ghana, Kenya, Madagascar, Mauritius, Mozambique, Namibia ndi Zambia. Malawi mulibe, ngakhale kuti Zambia ndi Mozambique ndi anansi ake.

Ntchito yambiri ya kalemberayu sichitikira paphiri koma pa kompyuta. Wofufuza amene wapatsidwa nthawi pa ALMA sapita n'komwe ku Chajnantor. Zoyezedwazo zimamupeza pa intaneti, ndipo kawirikawiri pakatha chaka chimodzi zimatsegulidwa kwa aliyense kwaulere. Mindandanda ya SCUBA-2, Herschel ndi South Pole Telescope nayonso ndi yotseguka. Wophunzira fizikisi ku Zomba kapena ku Mzuzu amene amadziwa masamu ndi kulemba mapulogalamu a kompyuta angathe kuzitenga n'kuzisanthula, malinga akhale ndi intaneti yokwanira kukoka mafayilo akuluakulu ndi mphunzitsi wodziwa kuchotsa phokoso la mlengalenga ndi la zida mu zoyezedwazo.